Safunsa Anadya Phula, Nanga Wosaphunzitsa?

Pa 29 December 2008, mtsikana wa zaka 23 wogwira ntchito mu labotale ya yunivesite ya California ku Los Angeles ankakoka ndi jekeseni mankhwala a tert-butyllithium, amene amayaka akangokhudzana ndi mpweya. Chokankhira cha jekeseniyo chinasololoka, moto nkugwira juzi lake. Sanavale chovala chodzitetezera. Anamwalira patapita masiku 18, ndipo ofufuza a boma anapeza kuti sanaphunzitsidwe mokwanira.

Timafulumira kunena kuti safunsa anadya phula. Koma mwana angafunse bwanji za ngozi imene sakuidziŵa? Mlandu uli pa akuluakulu amene amapereka ntchito yoopsa, osaima pambali pa wachinyamata kumuonetsa kagwiridwe kake. Makolo anzanga, mwana akapeza ntchito yotere tisafunse za malipiro okha. Timfunsenso amene wamphunzitsa kudziteteza.