Kodi Koleji Yasinthadi Ana Athu?

Ku Namwera, m'dziko la Mfumu Jalasi, akuluakulu ena amadandaula kuti ana opita ku koleji amabwerako atasokonezeka mutu: mtsikana avala buluku natsutsa amuna poyera, mnyamata anena kuti kuphika si ntchito ya akazi okha. Ena amakondwera nazo, nati dziko latsogola. Ife tiona kuti onsewa afulumira kuweruza.

N'zoona kuti zinthu zasintha. Lamulo la 1973 lidaletsa akazi kuvala mabuluku, koma lidathetsedwa mu 1993. Mu 2012 Mayi Joyce Banda adakhala Pulezidenti wa dziko lino. Lamulo la 2013 likuti m'makoleji akazi asachepere 40 pa ophunzira 100 alionse, chimodzimodzinso amuna. Mwana wophunzira pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba amamva zonsezi, ndipo amazivomera ndi pakamwa.

Koma mtima wa munthu suyesedwa m'kalasi ayi. Uyesedwa kumudzi pa tchuthi. Taonani mnyamata amene ku koleji amadziphikira nsima ndi kudzichapira yekha. Akafika kwawo angokhala pakhonde, pamene mlongo wake, wophunzira mnzake, asenza ndowa kunka ku mjigo. Apo tidziwa kuti chimene chidamphikitsa ku Zomba ndi njala, si nzeru yatsopano ayi.

Kulakwa kwina kwa ophunzirawa ndiko kudziyesa oyamba. Pa mwambo wa Chiyao mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda umatsata mbumba. Amuna akapita ku Joni, monga achitira ambiri a kuno, mkazi ndiye amalima, nagulitsa mbewu pamsika, nasunga ndalama, nalipira fizi ya ana. Ambiri mwa amayi awa sadawerengepo buku lonena za ufulu wa akazi, komabe ntchito zotchedwa za amuna akhala akuzigwira zaka zambiri. Wophunzira wanzeru akadayamba wafunsa amake asanawaphunzitse.

Tsono inu amene mwayamba kuwerenga muli akuluakulu, musaiope koleji, ndiponso musaitame msanga. Mwana wanu wamwamuna akabwera ndi mawu atsopano, mumvetsereni bwino, kenaka mumpatse ndowa. Akainyamula osachita manyazi pamaso pa anzake amene adalowa nawo ku jando, pamenepo munene kuti waphunziradi.