Minyanga pa Doko, Mafumu pa Shire: Za Ntchito ya Edward Alpers

Aliyense wofuna kulemba mbiri ya Ayao a ku Machinga ndi Balaka sangawalambalale a Edward Alpers, Mmereka amene adaphunzira ku Harvard ndi ku London, naphunzitsa ku Dar es Salaam kuyambira 1966 mpaka 1968, kenaka nakhazikika pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Ndiyambe ndi kupereka ulemu ku buku lawo la 1975, Ivory and Slaves in East Central Africa.

M'bukumo adagwetsa bodza lakale lakuti Myao adali nkhwangwa chabe m'manja mwa Mluya. Adaonetsa kuti malondawo adaphukira kumudzi, ndi makasu, fodya ndi zikopa, ndiponso kuti eni ake ankadzisankhira msika: Apwitikizi akaipitsa mitengo pa chilumba cha Mozambique, amtengatenga a minyanga ankaloza ku Kilwa. Amwenye a ku Gujarat obweretsa nsalu, ndi Afalansa ofuna akapolo a m'minda ya ku Mauritius ndi Réunion, onsewo akuoneka bwino lomwe. Fungo la Dar es Salaam wa Walter Rodney likumvekanso: nsalu idang'ambika, mikanda idatayika, koma anthu adapita osabwerera.

Tsono vuto langa nali. Maso a bukuli ali kunyanja yamchere. Umboni wambiri udachokera m'makalata a abwanamkubwa ndi m'mabuku a msonkho a Apwitikizi, ndipo kalaliki wa pa doko amaŵerenga minyanga, safunsa amene adaolotsa ulendowo pa Shire kapena chimene adalipidwa. Choncho funso lathu lenileni likhala lopanda yankho: kodi Amachinga, atafika kuno m'zaka za m'ma 1800 pothaŵa nkhondo kwawo, adakhala bwanji mafumu pakati pa Anyanja? Pena udali ukwati, pena pangano, pena mfuti. Kawinga, Liwonde, Kalembo ndi Msamala ankayeneranso kuŵerengerana mphamvu okhaokha. Umenewu ndi ukazembe, anzanga, ngakhale sudalembedwe pa pepala la chidindo. Kawinga sadakhale pa phiri la Chikala mpaka 1895, pamene Angerezi adamgonjetsa, chifukwa chodziŵa mtengo wa nsalu wokha.

Kwa ine a Alpers adafika pafupi ndi ife m'nkhani yawo yaifupi ya 1969 mu Journal of African History, yonena za malonda ndi ufumu pakati pa Ayao. Tonse tidziŵa kuti pa chikamwini mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Koma mwana wa mkazi wogwidwa ukapolo alibe malume womuitanitsa. Ndi wa bambo basi. N'chifukwa chake mfumu yofuna mudzi waukulu inkasunga akazi, n'kugulitsa amuna. Mfundo imeneyi ikulongosola zambiri kuposa ziŵerengero zonse za pa doko, ngakhale njirayo adaayamba kuilambula a Clyde Mitchell mu The Yao Village ya 1956.

Mu 1973 adalemba mawu otsogolera pamene Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah, cha 1919, chinkasindikizidwanso. Ntchito yabwino, koma mtima wa Abdallah uli ku Mwembe kwa Mataka, osati kwa Amachinga. Pambuyo pake a Alpers adaloŵerera m'madzi akuya, mpaka The Indian Ocean in World History ya 2014.

Oyenda m'midzi ndi kope m'manja adali a kuno ku Chancellor College: a Kings Phiri, a Megan Vaughan ndi a Dean Makuluni, amene adasonkhanitsa Amachinga Yao Traditions kuchokera pakamwa pa akuluakulu. Ine ndikadakonda wophunzira aŵerenge zimenezo poyamba, a Alpers pambuyo, ndipo ponse paŵiri azifunsa kuti Mnyanja wogulitsidwayo akulankhula pa tsamba liti.