Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Za Zimene Ophunzira Analemba pa Zokamba za Anzawo

M'chigawo chathachi ophunzira uphunzitsi a chaka choyamba pa koleji yathu anagawidwa m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse linapatsidwa munthu mmodzi wosintha zinthu m'mbiri ya dziko lino kuti likambe za iye pamaso pa anzawo. Anthuwo anali John Chilembwe, Dr. Hastings Kamuzu Banda, William Kamkwamba ndi Rose Chibambo. Zokamba zitatha, wophunzira aliyense anauzidwa kulemba tsamba limodzi, kunena chimene anaona ndi chimene anaphunzira pa luso la kuyankhula la anzake. Masamba amenewo ndawawerenga onse, ndipo pano ndifuna kuweruza olembawo koposa okamba aja. Pakuti mphunzitsi amene sadziwa kuweruza ntchito ya mnzake sadzadziwanso kuweruza ntchito ya mwana wa m'kalasi mwake.

Choyamba chimene chinandidabwitsa ndicho kufanana kwa masambawo. Ochuluka atama zinthu zitatu zokha: kuti wokamba anakweza mawu, kuti anavala modzilemekeza, ndi kuti Chingerezi chake chinali chosalala. Zinthu izi si zoipa ayi. Koma munthu wowerenga tsamba lotere sangadziwe ngati likunena za gulu la Chilembwe kapena la Chibambo, pakuti mawu ake angayenere gulu lililonse. Ife a kuno kwa Kaomba tidziwa ntchito ya kusankha fodya. Mlimi amene asakaniza masamba abwino ndi oipa m'belo limodzi, nawayesa onse amodzi, akafika ku msika wa ku Chinkhoma belo lakelo libwezedwa. Wolemba amene atama zonse mofanana wachita chomwecho: sanasankhe.

Tiyambe ndi gulu la Chilembwe. Gulu ili linaloweza zaka pamtima ndipo silinaphonye: kuti anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, kuti anabwera mu 1900 nakhazikitsa mishoni yake ya Providence ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kuti anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, ndi kuti anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Olemba anayamikira kukumbukira kumeneku. Koma phunziro lathu linali la kuyankhulana kwa anthu, ndipo gululi linalumpha chinthu chimene chikanatiphunzitsa koposa. Mu Novembala 1914 Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu akuda alikufera nkhondo imene si yawo, ndipo boma linailetsa kalatayo. Munthuyo anayamba wagwira cholembera asanagwire zida. Mphunzitsi wanzeru akanafunsa ana ake kuti, kodi chimachitika n'chiyani pamene munthu wokhala ndi dandaulo atsekedwa pakamwa? Palibe wolemba ngakhale mmodzi amene anaona kuti kalatayo yasowa.

Gulu la Dr. Banda ndilo limene olemba ambiri analiika patsogolo. Wokamba wawo anavala chipewa, nanyamula litchowa, nayankhula Chingerezi kuyambira poyamba kufikira potsiriza, ndipo anzake anaomba m'manja. Koma olembawo anaiwala kuti mwini wakeyo, atabwera kuno pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka pafupifupi 40, sankaima yekha pa misonkhano. Pambali pake pankaima womasulira, monga John Msonthi ndiponso John Tembo, amene ankatembenuzira mawu ake m'chinenero cha anthu. Gulu lathu linatenga Chingerezi nkusiya womasulira. Mukadzachita chomwecho pamaso pa ana a Sitandade 3, adzakuomberani m'manja ndithu, koma adzapita kwawo opanda kanthu m'mutu.

Palinso china chachikulu chimene gululi silinanene, ndipo olemba sanalifunse. Mu ulamuliro wa Dr. Banda Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Iye anakhala Pulezidenti wa muyaya mu 1971, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Ndidziwa kuti kuno ku Kasungu, kwawo kwa mwini wake, nkhani iyi ilemera pakamwa. Komabe kukamba za luso la kuyankhula la munthu ameneyu, osatchula amene analetsedwa kuyankhula m'masiku ake, ndiko kupatsa ana theka la mbiri. Wolemba woona mtima akananena zimenezi mwaulemu.

Gulu la Kamkwamba ndilo linalakwiridwa koposa. Wokamba wawo anali wamanyazi, ankadodoma, ndipo olemba ambiri anamtsutsa pa chimenechi chokha. Koma gululi linabwera ndi kachitsanzo ka makina a mphepo kopangidwa ndi mawaya ndi zitini, ndipo pamene anakauzira mpweya nikazungulira, aliyense m'chipindamo anamvetsa chimene mnyamata wa ku Wimbe, m'boma lathu lomwe lino, anachita. Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'njala ya 2001 ndi 2002. Popeza Chingerezi chinkamuvuta, anaphunzira kwambiri poyang'ana zithunzi za m'buku la Using Energy limene analipeza m'nyumba ya mabuku, napanga makina a magetsi ndi zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Pamene anaitanidwa kukayankhula ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, mawu ake anali owerengeka ndi a mantha, koma omvera anamumva, pakuti anali ndi chinthu chenicheni choti aonetse. Gulu lathu linatsata njira yomweyo, ndipo olemba amene anangomva kudodoma anaweruza ndi khutu lokha, maso atatseka.

Tsono ndifike pa tsamba limodzi limene linandikondweretsa, ndilo lonena za gulu la Chibambo. Gulu ili linachita sewero m'Chichewa, kuonetsa mayiyu alikusonkhanitsa amayi anzake a Congress, ndi kugwidwa kwake mu 1959 pamodzi ndi khanda lake. Ena analemba kuti seweroli linali macheza chabe, osati phunziro. Koma wophunzira wina wamkazi, amene dzina lake sinditchula, analemba mwa njira ina. Anayamba ndi kunena zimene ankakumbukirabe patapita sabata, ndipo zinali zambiri kuposa za magulu ena onse. Kenaka anatchula zolakwa ziwiri. Choyamba, ochita sewero ankafulatira omvera, kotero kuti okhala kumbuyo sanamve mawu ena. Chachiwiri, sewerolo linathera m'ndende, osanena kuti mayiyu analowa m'Nyumba ya Malamulo, nachotsedwa pa udindo wake m'mkangano wa nduna wa 1964, nathawira ku Zambia kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Potsiriza anapereka nzeru yakuti phunziro lotere liyambe ndi kuonetsa ana ndalama ya K200, pamene nkhope ya Chibambo inaikidwa mu 2012, pakuti kuyamba ndi chinthu chimene mwana anachionapo kale ndiko kumtsegulira khomo. Tsamba ili ndilo lokha limene gulu lingaliwerenge nkukonza ntchito yake.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri sanalembe motero? Sindikhulupirira kuti ndi kusowa nzeru. Ndiganiza kuti ndi ulemu wosokera. Wophunzira aopa kukhumudwitsa mnzake amene agona naye chipinda chimodzi ndi kudya naye mbale imodzi. Koma makolo athu sanayese ulemu ndi kubisa choonadi chinthu chimodzi. Nkhoswe ikakhala pansi ndi banja limene layambana, iyamba ndi mawu ofewa, koma sichoka isanatchule cholakwa. Ndipo mwambi uti, wakutsina khutu ndi mnansi. Chichewa chathu chili ndi njira zambiri zodzudzulira popanda kunyoza, ndipo mphunzitsi ayenera kuziphunzira monga aphunzira masamu.

Chotero ndikupemphani kuti polemba za zokamba za mnzanu mudzifunse mafunso atatu. Loyamba: kodi ndatsala ndi chiyani m'mutu chimene sindinachidziwe kale? Ngati simungathe kutchula kanthu, nenani chomwecho. Lachiwiri: kodi wokambayo amaganizira yani poyankhula? Kumbukirani kuti m'makalasi a dera lino la fodya mudzapezamo ana a matenanti ochokera kutali, amene kunyumba kwawo ayankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chitumbuka, ndi ena amene ajomba masiku ambiri m'nyengo ya ntchito za kumunda. Zokamba zimene mwana wotere sangazitsate zalephera, ngakhale zikome bwanji m'khutu la munthu wophunzira. Lachitatu: kodi ndi chinthu chimodzi chiti chimene mnzangayu angasinthe mawa? Chitchuleni momveka, ndipo perekani chifukwa chake.

Masambawo ndawabwezera kwa eni ake kuti awalembenso chigawo chino chisanathe, aliyense asankhe gulu limodzi lokha ndi kuyankha mafunso atatuwa. Amene mudzapita kukayesa kuphunzitsa m'masukulu ozungulira, pemphani mnzanu mmodzi akhale kumbuyo kwa kalasi ndi kukulemberani tsamba lotere. Akakutamani pa zonse, mubwezereni akalembenso.