Damu la Mpatamanga ndi lonjezo la ntchito zikwizikwi

Mu Meyi 2025, Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idalengeza kuti yavomereza thandizo la madola 350 miliyoni a ku America lothandizira kumanga damu lopangira magetsi pa Mpatamanga, pa mtsinje wa Shire, m'malire mwa maboma a Blantyre ndi Neno. Chikalata cholengezacho chidali chachifupi, koma mawu ake adayenda mtunda wautali. Nyuzipepala zidawatola, mawailesi adawabwereza, ndipo pofika m'misika ya ku Kawale ndi m'magalaji a ku Biwi adali atafupika n'kukhala nkhani imodzi yokha, yoti kukubwera ntchito. Mawu akuluakulu a m'chikalatamo ndi atatu: magetsi a mamegawati 358, mabanja oposa miliyoni imodzi amene adzapindule, ndi mwayi wa ntchito zikwizikwi. Ndikufuna tiwawerenge mofatsa, monga munthu amawerengera pangano asanasayine, poti m'makwalala mwathu muno muli achinyamata amene ayamba kale kuwerengera za ku Mpatamanga.

Ndiyambe ndi kuvomereza zimene zili zoona. Ntchitoyi ndi yaikulu ndithu. Masiteshoni onse a EGENCO opanga magetsi ndi madzi, kuyambira Nkula amene adayamba kugwira ntchito mu 1966, Tedzani, Kapichira mpaka Wovwe ku Karonga, akaphatikizidwa amapereka mamegawati osafika 400. Mpatamanga yekha adzawonjezera pafupifupi muyeso womwewo. Ndalama zimene banki yapereka si ngongole, ndi thandizo. Ndipo kapangidwe ka damuli kali ndi nzeru imene olemba nkhani ambiri adaidumpha. Madamuwo ndi awiri. Lalikulu lidzasunga madzi pa nthawi imene anthu sakugwiritsa ntchito magetsi ambiri, n'kuwatsegulira mwamphamvu m'mawa ndi madzulo pamene aliyense akuwafuna. Laling'ono, kumunsi kwake, lidzalandira madzi othamangawo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, kuti siteshoni ya Kapichira, nkhalango ya Majete ndi anthu a kumunsi asamasefukiridwe madzulo n'kuumiridwa masana. Ubwino wake uli apa: magetsi a dzuwa a ku Salima, amene adayamba mu 2021 ndi mamegawati 60, amapezeka masana. Dzuwa likalowa, pamene mayi wa ku Area 25 akuyatsa getsi ndipo ana akutsegula mabuku, mphamvu ija yatha. Damu losunga madzi ndilo limatseka mpata umenewu. Iyi ndi mfundo yolimba kuposa zonse yoikira kumbuyo Mpatamanga, koma poti ilibe kukoma kwa mawu oti "ntchito", sidamveke.

Tsono pa za ntchitozo. Liwu limeneli m'chikalatamo lilibe nthawi. Silikunena ngati ndi ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena ya moyo wonse. Kumanga damu kumafuna anthu ambiri kwa zaka zowerengeka: okumba, othira konkire, oyendetsa magalimoto akuluakulu, alonda, ophika. Khoma likaima ndipo makina akayamba kuzungulira, siteshoni imayendetsedwa ndi mainjiniya ndi amisiri ochepa. Zimenezi tidaziona pa njanji imene kampani ya Vale idamanga kuchokera ku malire a Mozambique, kudutsa m'dera lomweli la Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya. Pa nthawi yomanga, anthu ambiri adalembedwa. Njanji itatha, sitima za malasha a ku Moatize zidayamba kudutsa, ndipo olembedwa aja adabwerera kumene adachokera. Palibe amene adanama pamenepo, ndi mmene ntchito ya zomangamanga ilili. Cholakwa ndi kuitchula ndi dzina lofanana ndi la ntchito ya mphunzitsi kapena ya namwino, n'kusiya womva aganize yekha.

Komanso ntchito zosafuna luso lapadera zidzayenera kupita kwa anthu a m'midzi yozungulira damulo, ndipo n'koyenera kutero, poti ndiwo adzataye minda. Zofuna luso lalikulu, zoboola thanthwe ndi kuika makina, kawirikawiri zimabwera ndi kontilakitala amene wapambana. Pakati pa ziwirizi pali malo a omanga, owotcherera ndi amisiri a zamagetsi, ndipo apa ndi pamene ophunzira a ku Lilongwe Technical College kapena ku Namitete angapeze mpata, ngati ali ndi mapepala a luso lawo m'manja. Amene alibe asagulitse foni kuti apeze thiransipoti yopita ku Zalewa. Ndipo wina akabwera ndi mndandanda wa mayina, akufuna kangachepe kuti akulembetseni, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba.

Ntchito zenizeni za damu zili kuno, makilomita mazana kuchoka pa mtsinje. Amene adali mu Lilongwe mu 2022 akudziwa chimene ndikunena. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi la magawo atatu a magetsi opangidwa ndi madzi. Kwa nthawi yoposa chaka, wowotcherera zitsulo wa ku Biwi ankafika m'mawa, n'kukhala pa tayala kudikira. Chigayo cha ku Chinsapo chinkagaya usiku, amayi atafola ndi matumba. Wogulitsa nyama ku Area 23 ankazinga nyama yochepa poopa kuti firiji imusiya. Kalipentala wa ku Mchesi ankabweza tsiku lopereka mipando. Aliyense wa anthu amenewa ali ndi mnyamata mmodzi kapena awiri omuthandiza, amene amalipidwa pa tsiku limene agwira ntchito basi. Magetsi akathima, malipiro a anyamata amenewa ndiwo amayamba kuthima. Ngati Mpatamanga adzabweretsa ntchito zokhalitsa, zidzakhala zimenezi, zosaoneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira, zimene palibe adzaziwerenge. Koma pakati pa makina a pa Shire ndi makina owotcherera a ku Biwi pali zipata zimene chikalata chija sichidazitsegule.

Mawu oti mabanja oposa miliyoni imodzi adzapindula akusakaniza zinthu ziwiri. Damu limapanga magetsi, silikokera nthambo m'nyumba. Msewu waukulu wa magetsi ulipo kale: nthambo zamphamvu za makilomita 173 kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma zidamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la America. Chimene chikusowa ndi tinjira tolowa m'makomo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ankaunikira ndi magetsi. Mgona ali m'mphepete mwa Kanengo, kumene kuli mafakitale odya magetsi ochuluka, koma kuyandikana kumeneku sikuyatsa getsi m'chipinda cha munthu wa lendi. Pamafunika polo, thiransifoma, mita, ndi ndalama zoyalira mawaya m'nyumba imene si yake. Landilodi akakhala ndi mita imodzi yodyetsa mabanja asanu, amaletsa mbaula ya magetsi ndi simbi, ndipo magetsiwo amangokhala a getsi ndi kutchajira foni. Thiransifoma imodzi ikamanyamula nyumba zochuluka kuposa muyeso wake imapsa, ngakhale Shire atadzaza chotani. Onjezani akuba amene amaboola mathiransifoma kufuna mafuta ndi mawaya a mkuwa, ndipo amenewo si alendo, ndi a m'makwalala mwathu momwemu.

Chipata chachiwiri ndi mtengo, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti chikalatacho chidakhala chete koposa. Ntchito yonse ikuyembekezeka kudya ndalama zoposa madola 1.5 biliyoni. Thandizo la banki silifika ngakhale gawo limodzi la magawo anayi a ndalama zimenezi. Zotsalazo zidzachokera ku ngongole ndi kwa eni masheya a kampani ya Mpatamanga Hydro Power Limited, m'mene mu 2025 mudali EDF ndi TotalEnergies za ku France pamodzi ndi mabungwe a British International Investment ndi Norfund. Awa ndi amalonda, ndipo palibe chachilendo kuti adzafune ndalama zawo zibwerere ndi phindu. Koma adzazifuna m'ndalama zakunja, pamene ife timagula mayunitsi ndi makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zinthu idakwera nthawi yomweyo. Malamulo amalola bungwe la MERA kusintha mtengo wa magetsi kwacha ikagwa. Choncho funso loti yuniti imodzi ya ku Mpatamanga idzagulidwa zingati, ndiponso ndani adzasenze katundu kwacha ikadzagwanso, ndi lofunika kuposa chiwerengero cha mamegawati. Magetsi amene alipo koma osagulika sasiyana kwenikweni ndi amene athima. Mayi wa ku Kawale amayerekeza mayunitsi ndi kathumba ka makala, ndipo makala akapambana, nkhalango ya Dzalanyama ipitiriza kutha ngakhale damu litamangidwa.

Pali funso linanso limene ndi lovuta kulifunsa popanda kuoneka ngati wotsutsa chitukuko: magetsiwo adzayamba kupita kwa yani? Olimbikitsa ntchitoyi amatchula migodi, ndipo ali ndi chifukwa. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga, kuyambira 2009 mpaka pamene udaimitsidwa mu 2014, unkayendera majenereta a dizilo. Migodi imene ikukonzedwa ku Kasiya m'boma lathu lino ndi ku Kangankunde ku Balaka idzafuna magetsi ambiri osadukiza, ndipo idzatha kulipira. Nthambo zolumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya zingabweretse magetsi, zingathenso kuwatulutsa. Kugulitsa kwa wolipira bwino si tchimo, dziko likufuna ndalama zakunja. Koma tiyang'ane kwa anansi athu. Cahora Bassa, damu la mamegawati 2,075 lomalizidwa mu 1974, kwa zaka zambiri lakhala likutumiza gawo lalikulu la mphamvu zake ku South Africa, nthambo zikudutsa pamwamba pa midzi ya ku Tete imene inkaunikira koloboyi. Kukula kwa damu sikudatsimikizire kuti woyandikana nalo adzaona kuwala. Zimatengera zimene zidalembedwa m'pangano.

Za mtsinje weniweniwo ndingonena mwachidule, poti n'zodziwika. Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Mpatamanga onse ali pa Shire, ndipo Shire amadalira Nyanja ya Malawi. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanjayi idatsika mpaka madzi adaleka kutulukira mu mtsinje. Mu 2017 kuchepa kwa madzi kudatigoneka mumdima mpaka boma lidabwereka majenereta a dizilo okwera mtengo a kampani ya Aggreko. Mu 2024 chilala chidachepetsa madzi a Kariba, ndipo anthu a ku Lusaka ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Damu la Mpatamanga lingasunge madzi a maola ndi masiku, silingasunge mvula ya zaka. Matope ochokera m'mapiri ometedwa a ku Neno ndi Mwanza, amene avutitsa kale Nkula ndi Kapichira, adzalowanso m'damu latsopanoli.

Anthu amene ife a mumzinda timawaiwala msanga ndi a m'mphepete mwa mtsinje. Madzi akadzakwera adzamiza minda, malo odyetsera ziweto, njira, mwinanso manda. Pomanga Kariba m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa, ndipo zidzukulu zawo zikudandaulabe. Ku Mpatamanga chiwerengero n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimenecho, ndipo malamulo a mabanki masiku ano ndi okhwima kuposa a nthawi ya atsamunda. Komabe chipukuta misozi chimawerengedwa chaka china n'kuperekedwa chaka china, ndipo m'dziko limene mitengo ikukwera chaka ndi chaka, ndalama zimene zikadagula munda pa tsiku loyeza zingalephere kugula theka lake pa tsiku lolandira. Mlimi amene walandira ndalama wataya chinthu chimene chinkamudyetsa chaka chilichonse, n'kupatsidwa chinthu chimene chimatha. Tikamawerenga ntchito zimene damu lidzabweretse, tichotsepo zimene lidzamize. Chikalata cholengeza chimawerenga mbali imodzi yokha.

Sindikunena kuti damuli lisamangidwe. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni silingayende ndi magetsi amene tili nawowa, ndipo kapangidwe ka Mpatamanga ndi koganiziridwa bwino kuposa ntchito zambiri zimene tidalonjezedwapo. Chimene ndikutsutsa ndi kalankhulidwe kogulitsa chinthu chabwino ndi chifukwa chofooka, n'kubisa mafunso amene adzatsimikizire ngati wa ku Chinsapo adzapindula. Olemba nkhani athu adakopera manambala a banki osafunsa kuti ntchito zikwizikwizo ndi za miyezi ingati, ndipo ndi zingati zimene zasungidwira Amalawi m'pangano ndi kontilakitala.

Njira zofunsira zilipo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo mtolankhani kapena bungwe lililonse lingaligwiritse ntchito kupempha pangano logulira magetsi a ku Mpatamanga, kuti tione mtengo wa yuniti ndi ndalama imene udalembedwera. MERA imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ESCOM ikapempha kukweza mtengo. M'misonkhano imeneyi mumamveka kwambiri mawu a eni mafakitale, pamene eni zigayo, owotcherera ndi ometa tsitsi a ku Biwi, Kawale ndi Area 23 ali ndi ufulu womwewo wolowamo ndi kufunsa za mathiransifoma a m'madera mwawo. Phungu aliyense wa mumzinda wa Lilongwe angathenso kufunsa nduna ya zamagetsi ku Nyumba ya Malamulo kuti pa mabanja miliyoni imodzi aja, ndi angati ali ku Mgona, ndipo ndalama zowakokera nthambo zili m'bajeti ya chaka chiti.