Injini Yatsopano pa Njanji Zakale

Masewera a pakompyuta oyendetsa sitima yapamtunda a Microsoft Train Simulator anatuluka mu 2001 ali ndi njanji 6 zokha. Okonda sitima sanakhutire nazo, choncho anayamba kumanga zawo: uyu milatho ya kwawo, uyu mabogi a malasha, winayo masiteshoni amene anagwetsedwa kalekale. Microsoft inalonjeza mtundu wachiwiri, n'kuusiya, n'kuuyambanso, n'kuusiyiratu mu 2009. Thukuta lonselo linatsala litatsamira pa pulogalamu yokalamba, yokonda kuzima yokha zinthu zikachuluka m'mbali mwa njanji.

Open Rails inabwera kudzapulumutsa ntchito imeneyi. Anthu ongodzipereka analemba mwatsopano injini yoyendetsa masewerawo, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2015. Chimene chimanditenga mtima ndi lamulo limene anadziikira, loti injini yatsopanoyo iziwerenga mafayilo akale mmene alili. Zili ngati kusintha maziko a nyumba eni ake ali m'katimo, osagwetsa ngakhale mphika.

Luso lawo mukalione potsetsereka pa Marias Pass ku Montana, mutakwera mutu wa sitima wotchedwa Dash 9, mabogi olemera atandandalika kumbuyo. Mukagwira buleki, mpweya umayamba kuchepa m'paipi kuchokera kumutu kwa sitima. Mabogi akutsogolo amagwira msanga, akumbuyo akadali kukankha, ndipo liwiro limayamba lazengereza lisanatsike. Mukamasula n'kugwiranso mwaphuma, matanki a mpweya a m'mabogi asanadzaze, buleki imabwera yofooka ndipo sitima imakuthawani mukuona. Njanji ikanyowa mawilo amaterereka, mpaka muthire mchenga. Munthu amene anakhala pansi n'kulemba masamu a mpweya woyenda bogi ndi bogi, podziwa kuti osewera ambiri sadzafunsa n'komwe, ndimamuvulira chipewa.

Okonda masewerawa analandira Open Rails mosiyana. Ambiri anakondwa kuona njanji zawo zakale zikudzaza sikirini yotambalala, dziko likuoneka patali kuposa makilomita 2 amene pulogalamu yakale inkalola. Koma ena anadandaula kuti sitima zimene ankazidziwa bwino zasintha khalidwe, ina ikukoka mopitirira, ina ikuima mochedwa. Dandaulo lawo linali lomveka. Omanga sitimazo ankasintha manambala m'mafayilo kuti agwirizane ndi zofooka za injini yakale, ndiye injini yowerenga molondola inaulula zigamba zonsezo.

Njira imene olemba Open Rails anapeza ndi yaulemu kwambiri. M'kati mwa foda ya sitima iliyonse mutha kutsegula foda ina yaing'ono yotchedwa OpenRails, n'kuikamo manambala okonzedwa. Injini yatsopano imawerenga amenewo, pomwe fayilo ya mmisiri woyamba imakhala osakhudzidwa, ndipo amene akufunabe kuyendetsa sitimayo pa pulogalamu ya 2001 amaipeza ili momwe anaisiyira.