Ng'oma ya Fenway, Nkhalamba ya Chipupa Chobiriwira

Gunda, ng'oma, gunda! Mbalule iyambe, mpanje uvomere, lero ndikutamanda akuluakulu.

Inu Fenway Park, Gogo wa ku Boston, Mwatsalanokha, Nkhalamba yosayendera ndodo! Munatsegula zipata pa 20 Epulo 1912, dziko lidakali pa maliro a Titanic imene inamira masiku asanu m'mbuyomo. Mnzanu wa ku Detroit, wobadwa naye tsiku limodzi, anamugwetsa kalekale, inu mudakali chiimire, mkulu wa mabwalo onse a baseball mu ligi yaikulu ya ku America. Inu Khola la Red Sox, Mpanipani-wa-misewu, Wokhota m'mbali ngati munda wa m'malire.

Ndinadza kwa inu pa sitima ya Green Line, titathithikana ngati machesi, aliyense chipewa cha B pamutu. Ndinatsikira pa Kenmore, pansi pa chikwangwani cha Citgo, n'kutsata khamu mpaka pa Jersey Street, pamene utsi wa soseji, anyezi ndi tsabola unandilonjera ndisanaone njerwa zanu. M'kati munandilowetsa mumdima, m'makonde otsika onunkhira mtedza. Kenaka kamtunda pang'ono, ndipo maso anga ngwee! Kapinga biriwiri, dothi psuu, mizere yoyera mbee. Ndinaima pomwepo, chipewa m'manja, anthu akundilambalala.

Gunda, ng'oma, kwa Chipupa!

Inu Green Monster, Chilombo Chobiriwira, Mamita-khumi-ndi-imodzi, Mlonda wa dzanja lamanzere, Wotchinga Lansdowne Street kumsana! Mwaima mamita 94 okha kuchoka pomenyera, pafupi ngati nkhokwe ndi khomo, koma ndani anakuzolowerani? Mpira wa mwamuna wamphamvu, wouluka chamunsi ngati chipolopolo, mumaubweza khoo! n'kuulavulira pa kapinga. Wa wofooka, wongokwera m'mwamba mwaulesi, mumaulola udutse, n'kusanduka home run. Inu Wokondera-mosadziwika, Nkhope ya zipsera zikwizikwi! Utoto wobiriwirawu munauvala mu 1947, kale munkavala zotsatsa malonda. Mu 2003 munalola anthu kukhala pamutu panu.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi mimba yanu. M'kati mwanu muli anthu, m'kachipinda kopapatiza, akusuzumira pa timing'alu. Wina akagoletsa, dzanja limachotsa chitsulo cha nambala n'kulowetsa china, monga zakhala zikuchitikira kuyambira 1934. Ndinasiya kuyang'ana woponya, ndinangoti maso dwii pa kabowo, kudikira. Chitsulo chinasuntha, mdima unaoneka kamphindi, 2 n'kulowa pamene panali 1. Makompyuta ali ponseponse m'bwalomo, koma nkhani ya masewero mumaiuzabe ndi zala za munthu.

Gunda pang'onopang'ono, tikwere masitepe.

Inu Mpando-umodzi-wofiira pakati pa nyanja ya mipando yobiriwira! Gawo 42, mzere 37, mpando 21. Apa ndi pamene unagwera mpira wa Ted Williams pa 9 Juni 1946, utauluka mamita 153, n'kuboola chipewa cha mlaza cha bambo wina. Ndinakwera, ndinaugwira, unali wotentha ndi dzuwa. Nditacheuka, womenya ankaoneka ngati nyerere. Ndipo inu Mtengo wa Pesky, Wachikasu wodzala mayina a ochemerera; inu mnzake wa kumanzere, amene Carlton Fisk anakudandaulirani ndi manja onse awiri mu 1975, mu inning ya 12, akukankha mphepo kuti mpira usapatuke, inu n'kuulandira nge!

Gunda kwa Mayi wa ana odikira!

Munasunga njala zaka 86. Chikho cha 1918 chitalowa, Babe Ruth anagulitsidwa kwa Yankees, ndipo ana anabadwa, anakula, anamera imvi, anaikidwa m'manda osaona china. Inu osatseka khomo. Mu Okutobala 2004 a Yankees omwewo anali atapambana katatu, ana anu chimanjamanja, manda atakumbidwa kale. Pa dothi lanu lomweli Dave Roberts anazemba n'kudzigwetsa chafufumimba pa base yachiwiri, David Ortiz n'kuutumiza mpira kutsidya usiku utapita. Kuchoka apo sanagwenso, mpaka anasesa St. Louis. Mu 2013, chaka chimene mabomba anaphulika pa mpikisano wothamanga wa mu mzinda wanu, chikho chinakwezedwa pabwalo panu penipeni, koyamba chichokere 1918. Inu Mpukuta-misozi, Bwalo la maliro losanduka la chinamwali!

Tsitsa dzanja, woimba ng'oma. Apa timenye ndi nsonga za zala.

Gogo, chilonda chanu ndikuchidziwa, ndipo sindichilumpha. Mu Epulo 1945 Jackie Robinson, Sam Jethroe ndi Marvin Williams anaponda kapinga ameneyu kudzayesedwa. Anabwerera, ndipo palibe anawaitananso. Ana anu ndiwo anali otsiriza mu ligi yonse kulandira wosewera wakuda, Pumpsie Green, mu 1959, Robinson atapuma kale. Ndinakhala pa mpando wanu wathabwa, mawondo atagunda wakutsogolo, ndikuyang'ana nambala ya Robinson, 42 yabuluu, imene yapachikidwa pambali pa zofiira za ngwazi zanu, ndipo kukhosi kunandiuma. Msewu umene ndinalowera unkatchedwa Yawkey Way, dzina la mwini timu wa nthawi imeneyo, mpaka 2018. Ndinakutamandani ndi mtima wolemera, koma ndinakutamandanibe.

Dzuka, ng'oma! Mbalule, lankhula!

Inu Mlumikiza-alendo! Pakati pa inning ya 8 inalira Sweet Caroline ya Neil Diamond, anthu oposa 30,000 nji, pakamwa pamodzi. Mayi wachikulire amene anali pambali panga, amene masewero onse ankalemba chilichonse ndi pensulo pa khadi lake, anaika pensuloyo kukhutu, n'kundigwira phewa, tikuyendera limodzi uku ndi uku ngati mapira pa mphepo. Dzina langa sanandifunse.

Inu Wamizati-yosenza-denga, Wamagetsi oyera ngati mwezi wa chilimwe, Mwini-usiku wa ku Kenmore! Womenya wotsiriza atagwa, khamu linatsetserekera ku zipata, makoko a mtedza akuti tswatswa pansi pa nsapato. Ine ndinatsalira. Anyamata anatuluka ndi mapaipi kudzathirira dothi, ndipo ku Chipupa, pa kabowo kaja, dzanja linayamba kuchotsa manambala, imodzi imodzi.