Jazi wa ku Chimvu: chisoni chakwana, tiyeni tiwamvetsere a Namoko

Anthu osunga zimbale za jazi ali ndi khalidwe lotopetsa koma labwino. Sakhutira ndi kungomva nyimbo. Amafuna adziwe kuti inajambulidwa liti, kuti, ndipo ng'oma ankaomba ndani. Mufunseni mmodzi wa iwo za Kind of Blue, chimbale cha Miles Davis, akuuzani osaphethira kuti anachijambula ku New York pa 2 Marichi ndi pa 22 Epulo 1959, kuti John Coltrane ndi Cannonball Adderley analipo, kuti piyano inali m'manja mwa Bill Evans kupatula nyimbo imodzi imene anayimba Wynton Kelly.

Tsono munthu yemweyo mutengeni mupite naye pa Goliati, pamene anyamata amabena nyimbo m'mamemori kadi, mukapemphe za malemu Alan Namoko. Mupatsidwa ndithu, pamtengo wozizira. Koma mukatsegula mupeza "Track 07", "namoko old", nyimbo ina yoduka pakati, ina ya munthu wina koma yalowetsedwa momwemo poti nayonso ili ndi banjo. Chaka palibe, mayina a oyimba nawo palibe. Apatu tikukamba za woyimba wa konkuno ku Thyolo, amene gulu lake linkatchedwa Chimvu Jazz Band.

Ine ndikuti kusiyana kumeneku si nkhani ya umphawi yokha ayi. Ndi nkhani ya mmene timawamvera a Namoko. Takhala tikuwamvera chisoni kwa zaka zambiri, koma kuwamvetsera monga timachitira ndi akatswiri a jazi sitinayambe.

Tiyambe ndi dzinalo, chifukwa ndi pomwe anzanga ena amene tinali nawo ku koleji amayambira kuseka. Amati jazi wanji wopanda lipenga, wopanda piyano, wa banjo yokhoma pakhomo? Kwa iwo liwu loti "jazz" pa dzina la gululi ndi ngati mwana amene wavala jekete la bambo ake.

Koma liwuli silinabwere kuno mwangozi. Linabwera ndi anthu. Azibambo amene ankapita ku Joni pa Wenela, ndi amene ankakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ankabwerako ndi magalamafoni, magitala ndi zimbale. M'zimbalemo munali marabi, jive ndi kwela, mayimbidwe amene anthu akuda a ku South Africa anawaumba atamva swing ya ku America n'kuisakaniza ndi zawo. Kwela wa chitoliro chachitsulo, wa Spokes Mashiyane ndi anzake, anafika patali moti mu 1958 nyimbo ya Tom Hark inagulidwa kwambiri ku Britain. Banja la a Kachamba a ku Chileka linakhalako ku Salisbury, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba anabwera nawo kwelayo kumudzi. Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, anawapeza akuyimba mu Blantyre mu 1967 n'kuyamba kuwajambula. Kuchokera m'zaka zimenezo, kuno kummwera "jazz band" linakhala dzina la gulu la anyamata a banjo, ng'oma zopanga okha ndi babatoni wa nsambo imodzi. Ndipo banjoyo, tisaiwale, ndi chida chimene anachiumba akapolo ochokera ku Africa ali ku America, chomwenso chinkalira m'magulu oyambirira a jazi ku New Orleans. Ndiye jeketelo si lobwereka. Linachoka kwathu, linazungulira, linabwerako.

Nayo Thyolo inali nthaka yoti zoterezi n'kumera. Alhomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, ena pansi pa thangata. Pamene pali antchito ambiri, tsiku la malipiro, mowa ndi msika, pamafunika woyimba. Nyimbo za magulu a banjo zinakulira m'malo otero, pamene woyimba akalephera kugwira anthu mtima m'mphindi ziwiri, anthuwo amangodutsa. Imeneyo ndi sukulu yovuta kuposa mmene ambiri timaganizira.

A Namoko anabadwa mu 1956 ndipo anamwalira mu 1995. Anali osaona. Ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, ndipo anatchuka kudzera pa wayilesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nthawi imene dziko lonse linali ndi wayilesi imodzi yokhayo. Mu 1992 kampani ya Pamtondo, ya Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, inatulutsa chimbale chawo chotchedwa Ana Osiidwa. John Peel, muulutsi wa BBC amene ankadziwika ndi khutu losankha, anaziwulutsako nyimbo zawo ku Britain. Zimenezi ndi zimene timabwereza chaka ndi chaka tikamawakumbukira. Tsono tiyeni tilowe m'nyimbomo.

Choyamba chimene khutu limagwira ndi kuzungulira. Banjo imayenda pa makodi ochepa, kawirikawiri atatu, n'kubwerera pomwe inayambira, kenako n'kuyambanso. Amene amanyoza amaima pompa, amati zonse n'zofanana. Koma mvetserani Mannenberg, imene Abdullah Ibrahim anajambula ku Cape Town mu 1974 ndi Basil Coetzee. Nayonso imazungulira pa kanjira kakafupi ka marabi kwa mphindi zoposa khumi, ndipo palibe amene amaikana kuti si jazi. Mu nyimbo zoterezi luso silikhala pa kuchuluka kwa makodi. Limakhala pa zimene woyimba akuchita mkati mwa bwalo laling'onolo. Kwa a Namoko, dzanja lamanja ndiye mwini nkhani. Limakwapula nsambo ngati likuomba ng'oma, pena kudula mawu a banjo asanathe, pena kuwasiya alire. Mukatsatira dzanjalo lokha kwa nyimbo yathunthu, muona kuti maulendo awiri otsatizana safanana ndendende.

Chachiwiri ndi ng'oma. Sizithamanga, sizidzionetsera, koma zimakankha nyimbo kuchokera pansi. Ine khutu langa limamvamo kuponda kwa magule a kwathu kuno, kuja phazi limatsika mwamphamvu pa tchopa, ngakhale nyimbozi si za tchopa. Banjo ndi ng'oma sizigwera pamodzi nthawi zonse. Pali kampata kakang'ono pakati pawo, ndipo kampatako ndi kamene kamagwedeza mapewa a munthu asanaganize zovina. A ku America anakapatsa dzina loti swing. Ife sitinakapatse dzina, timangoti nyimbo yakoma.

Chachitatu, chachikulu, ndi mawu. Mawu a Namoko si osalala, ndipo sayesa n'komwe kusalala. Amalowa mochedwa pang'ono, ngati munthu amene amaganiza kaye asanayankhule, kenako amathamanga kuti apeze anzawo. Amakoka liwu limodzi mpaka lipindike, lichoke pa kiyi pang'ono, libwerere. Oyankha akamabwereza mzere wawo mosasintha, iwo amausinthasintha wawo, kuuwonjezera, kuudula. Mvetserani Lameki kawiri motsatizana, ulendo woyamba mukutsatira oyankha, wachiwiri mukutsatira mtsogoleri. Mupeza kuti ndi nyimbo ziwiri zoyenda limodzi. Kupeka uku ukuyimba, pamwamba pa maziko osasuntha, ndi mtima weniweni wa jazi. Kusiyana kwake n'koti Coltrane ankachita zimenezi ndi saxophone, a Namoko ndi kholingo.

Azungu olemba za nyimbo amakonda kuwatchula a Namoko kuti woyimba blues, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake: munthu wosaona, chida chansambo, nyimbo za imfa ndi umasiye. Kubik yemweyo analemba buku lonse, Africa and the Blues, mu 1999, kufufuza ubale wa mayimbidwe a kuno ndi a kumeneko. Koma dzinalo likafika m'kamwa mwathu limasanduka njira yachidule. Timayamba kumva Mississippi pamene tikanayenera kumva Thyolo. Kulira kwa m'nyimbozi ndi kwa pa siwa, kwa mayi amene akutchula mayina a abale mmodzimmodzi usiku wa maliro. Munthu wokulira kuno sachita kufuna womasulira.

Sindikuti chilichonse m'chimbalechi ndi golide. Mukachimvetsera chonse nthawi imodzi, pakati pake khutu limatopa, chifukwa liwiro la nyimbo zingapo ndi loyandikana ndipo mayambidwe ake ndi ofanana. Nyimbozi zinabadwira pabwalo, pamene pakati pa nyimbo ndi nyimbo pamakhala kuseka, kufupa, wina kupempha ibwerezedwe. Chimbale chimachotsa zonsezo n'kusiya nyimbo zitandandalikidwa ngati njerwa. Komanso pa makope ambiri amene akuzungulira m'mafoni, mawu apansi anafafanizika moti banjo imangomveka ngati lata. Wachinyamata amene wayamba kuwamva a Namoko kudzera pa kope lotero, pa sipika ya foni, sindingamudzudzule akati sakumvapo kanthu. Wapatsidwa chithunzi cha chithunzi.

Pamenepa ndi pomwe chisoni chathu chimatipusitsa. Nkhani ya a Namoko timaikamba motere: anali osaona, anali osauka, anasangalatsa dziko, anafa opanda kanthu. Zoona zake zilipo, ndipo n'zowawa. Bungwe la COSOMA, loona za umwini wa nyimbo, linayamba ntchito mu 1992, zaka zawo zotchuka zitadutsa kale. Koma taonani chimene nkhaniyi imachita. Imamuchotsa munthu pa mpando wa mmisiri n'kumukhazika pa mkeka wa wopemphetsa. Tikatero sitifunsanso kuti banjo yawo ankaikunga bwanji, kuti mayimbidwe awo anasintha motani pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi 1992, kuti ndani anawaphunzitsa, ndani anaphunzira kwa iwo. Wopemphetsa safunsidwa mafunso amenewo. Timangoti "shaa, koma ankayimba bambo aja", basi nkhani yatha.

Ngakhale nyimbo ya Ana Osiidwa timaimva ngati kuti akudzilira okha. Chimbalecho chinatuluka pa nthawi imene Edzi inali itayamba kusiya ana m'manja mwa agogo m'midzi yambiri, pamene zinthu zambiri sizinkanenedwa poyera. Woyimba amene anaika ana amasiye pakati pa bwalo nthawi imeneyo sanali wongodandaula. Ankaona dziko lake bwino kuposa ambiri a maso awiri.

Yerekezani ndi a Kachamba. Lero munthu akhoza kutsatira mayimbidwe a Daniel mpaka imfa yake mu 1987, ndi a Donald mpaka pamene anakaphunzitsa ku UCLA ku America mu 1999. Zili choncho chifukwa Kubik, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka komweko, ankati akajambula n'kulemba tsiku, malo, dzina la woyimba aliyense ndi chida chake. Hugh Tracey naye, pojambula nyimbo mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ankalemba zomwezo, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Kusiyana kwa woyimba amene akuphunziridwa ndi amene akungokumbukiridwa nthawi zambiri ndi kope ndi cholembera.

Nde poti kope ndi cholembera tili nazo, chatsala n'chiyani? Kuno kwa Chimaliro, ku Luchenza, ku Bvumbwe, alipo akuluakulu amene anawaona a Namoko akuyimba ndi maso awo. Alipo amene m'sutikesi muli makaseti ojambula pa wayilesi, olembedwa ndi bolopeni pachikuto. Kasetiyo musaitaye poti wailesi yake inafa. Chikutocho musachinyoze, chifukwa mwina ndi chokhacho chimene chili ndi chaka. Mukapita kukacheza kwa agogo kapena kwa amalume, afunseni kuti anawaonera kuti, pa msika uti, gulu linali la anthu angati, ng'oma zinali zingati, anthu ankafupa bwanji. Lembani, ndipo lembaninso dzina la amene wakuuzani ndi tsiku lake. Inu anyamata obena nyimbo, kulemba dzina lenileni la nyimbo pa fayilo sikudya mayunitsi. Ndipo a Mulhako wa Alhomwe, amene amasonkhanitsa anthu pa Chonde chaka ndi chaka, ali ndi bwalo labwino loti makaseti oterewa abwere pamodzi. Tchopa inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014 chifukwa anthu anakhala pansi n'kulemba. Banjo nayo ndi chikhalidwe.

Nkhaniyi si ya akufa okha. Madalitso Band, anyamata awiri a gitala ndi babatoni amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe, lero akuzungulira ku Ulaya ndipo zimbale zawo zikutulutsidwa ndi Bongo Joe ya ku Geneva. A Kasambwe Brothers a ku Ndirande akadali pa ntchito. Gasper Nali ku Nkhata Bay akadakoka nsambo yake imodzi ija. Ngati sitiphunzira kuwamvetsera ndi kulemba za iwo ali moyo, kunena kuti nyimbo iyi yaposa iyo ndipo chifukwa chake n'chakuti, tidzawaliranso mochedwa ndi mawu omwewo.

Kumuweruza woyimba, kunena pamene wakhoza ndi pamene wafooka, ndi ulemu waukulu kuposa kumumvera chisoni. Choncho madzulo ano pezani kope labwino la Ana Osiidwa, muike pa sipika yeniyeni, muzimitse zina zonse. Tsatirani dzanja lamanja, kenako ng'oma, kenako mawu. Mukamaliza tidzakangane ngati ndi jazi kapena ayi. Mkangano umenewo a Namoko akhala akuudikira kuyambira 1995.